Mfundo ya pa Mphika wa Misozi

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ndafunsa za kudzuka chifukwa kuno kudakali m'mawa, ndipo masiku ano ine ndine munthu wa m'mawa. Mukamva chifukwa chake museka, kenaka mundikalipira, monga mwa nthawi zonse.

Musadabwe kuona kalata yochokera kwa ine. Palibe amene wandilembera. Dzanja ndi langa, pensulo ndi yanga. Kusukulu sindinapondeko, inu mukudziwa. Koma chimwalirireni inu ndinatenga buku lanu la nyimbo lija, lachikuto chong'ambika, n'kumatsegula nyimbo zimene ndimazidziwa kale pamtima. Pakamwa pakuimba, chala chikuyenda pansi pa mawu. Zaka ziwiri ndili pomwepo, mpaka zilembo zinagonja. Anzanga a kumpingo anandiitanira kusukulu ya akuluakulu, ndinakana. Ine ndikakhale pa benchi, mwana wobadwa dzulo azindiuza kuti nenani "a"? Ndinaphunzira ndekha. Zilembo zimene zapendekeka muziwongole nokha. Ndilemba tsamba limodzi m'mawa uliwonse, chifukwa zala zikayamba kulemera ndimaika pensulo pansi.

Ndiyambe ndi zabwino. Yotamu wanga, amene munkati sadzakwatira chifukwa cha manyazi, ali ndi mwana wamkazi tsopano. Tamutcha Tisauke, dzina lanu. Mphuno ndi yanu ndithu, ndipo akachedwa kuyamwa amatiyang'ana ndi diso lija munkatiyang'ana nalo tikabwera mochedwa kuchokera kuchitsime. Kumunda wa kuphiri tinakolola chimanga chotifikitsa ku mvula. Feteleza akupangidwa pompano, chumuni cha fakitale timachiona tili pakhomo, koma mtengo wake masiku ano uli ngati wachokera kutsidya kwa nyanja. Tinathira manyowa a nkhuku, ndipo chimanga sichinadandaule. Kudimba la kumtsinje repu ndi matimati zachita bwino, kupatula bedi limodzi limene mvuu inaganiza zoyendapo.

Kafue amene munamusiya si yemweyu. Makampani akugulitsidwa, ena akuchepetsa anthu. Mkamwini wanu aTembo anawadula ntchito kufakitale ya nsalu patapita zaka zonse zija. Anakhala mwezi wathunthu akudzuka m'mamawa, kuvala ovolosi, n'kukhala pakhonde. Tsopano amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo akuti bwana wawo watsopano, amene ndi iwo eni, ndi wabwino mtima, kungoti amakonda kugona masana. Nangongwe yense wasanduka msika. Pakhomo lililonse pali kantemba, uyu sopo, uyu makandulo, uyu salaula, zovala za kaunjika zija, moti sindikudziwa kuti wogula watsala ndani. Maminibasi achuluka, munthu sudikiranso basi ya Lusaka theka la tsiku monga tinkachitira.

Tsopano nkhani ya thupi langa. Munkakonda kunena kuti, "Enelesi akadzadwala tidzamva kwa anansi, mwini wake tidzamupeza akusesa pabwalo." Simunaname.

Zinayamba ndi chikope cha kumanzere. M'mawa chili bwinobwino, dzuwa likapendeka chayamba kutsika chokha ngati katani. Ndinati ndi tulo ta ukalamba. Kenaka mikono. Poyanika zovala pa waya, zitatu zoyamba bwino, chachinayi mikono yakana kukwera. Ndikakhala pansi pang'ono mphamvu zabwerera, ngati palibe chimene chachitika. Chimanga chootcha, chimene mukudziwa kuti sindigawana ndi munthu, ndinkayamba bwino, kufika pakati nsagwada zatopa. Ku kwaya ya Lachinayi masana, vesi loyamba mawu ndi anga, vesi lachitatu akutulukira m'mphuno ngati wina wanditsina. Chodabwitsa n'chakuti panalibe pamene pankawawa. Dzanzi panalibe, mutu uli bwino, nzeru zonse zilipo. Thupi linkangotha ngati batire la wailesi: ukazimitsa pang'ono n'kutsegulanso, wailesi yayamba kulankhula.

Anthu sanachedwe. Ena anati amake Yotamu ayamba kachasu ndi ukalamba uno, taonani maso ndi lilime pofika madzulo. Ena anaona kuti ndaonda, poti ndinkasiya nshima m'mbale, n'kumanong'onezana za matenda aja akutha ana athu. Wina anati ndi sitiroko. Ine ndinadziweruza ndekha kuti ndi malungo obisala, ndinakagula kolorokwini pa kantemba, poti masiku ano mankhwala akugulitsidwa pamodzi ndi maswiti. Patapita masiku awiri mutu unali kugwera kutsogolo, madzi akumwa akubwerera m'mphuno. ATembo sanandifunse maganizo. Anandikweza pa keliyala ya njinga ya kasitomala mpaka kukiliniki, ndipo kumeneko anatilembera kalata ya kuchipatala chachikulu ku Lusaka.

Dokotala amene anandiona ndi mayi wachitsikana, Mtonga, Chinyanja chake chopindika koma chomveka. Sanayambe ndi jekeseni. Anaimika chala chake m'mwamba n'kunena kuti, "Ambuya, yang'anani apa, osatsitsa maso." Ndinayang'ana. Pang'onopang'ono zikope zinatsika, chala chimodzi chinasanduka ziwiri. Anati nditambasule mikono, iye n'kumaikankhira pansi, kachiwiri, kachitatu, mpaka inagwa. Anandibaya pang'ono ndi kaphini m'manja ndi m'mapazi, paliponse ndinamva. Anagogoda mawondo ndi kanyundo, miyendo inadumpha. Kenaka anati ndiwerenge mokweza kuyambira wani.

"Mwana wanga," ndinatero, "ukufuna kuona ngati ndinapita kusukulu?"

Anaseka. "Iyai ambuya, nifuna chabe kumvera pamene mau yanu yazalema."

Ndinawerenga, ndipo ndisanafike patali mawu analowa m'mphuno. Pomaliza anatuma nesi kukatenga ayisi mufiriji, anamukulunga m'kansalu n'kundiika pa chikope chakugwacho kwa kanthawi. Atachotsa, diso linatseguka lonse ngati la mtsikana. ATembo anaimirira pa mpando.

"Adokotala, ndiye tingogula firiji basi?"

Anatifotokozera motere. Munthu ukafuna kukweza dzanja, mutu umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha, uthengawo n'kukafika pa mnofu. Pamene mtsempha ukumana ndi mnofu pali timakomo tolandirira uthenga. Kwa ine mtsempha sunaduke, mnofu sunafe. Koma asilikali a m'thupi langa, amene ntchito yawo ndi kumenya matenda, asokonezeka, akutseka timakomo tija. Totseguka tatsala tochepa. Ndiye uthenga woyamba umalowa, wachiwiri umalowa, ukapitiriza ntchito mnofu umaleka kumva. Ukapuma zimayambiranso. Ine ndinati, "Ndamva. Zili ngati pageti la fakitale masiku ano. Anthu abwera ndi manja awo, ntchito akuidziwa, koma alonda atseka." Anati sanamvepo munthu akufotokoza choncho, koma ndi momwemo.

Dzina lake ndi mayasiteniya, ngati dzina la mwana wa kumayadi. Akuti si sitiroko, chifukwa sitiroko imagwetsa munthu mwadzidzidzi, kawirikawiri mbali imodzi, ndipo siyang'ana kuti ndi m'mawa kapena madzulo. Si poliyo, si matenda opatsirana, palibe amene anandilodza, ndipo sindinachite kuwaputa. Anandijambula pachifuwa kufuna kuona kanthu kena kamene kamakhala kuseri kwa fupa la pamtima, kamene kwa anthu ena kamatupa n'kuutsa zimenezi. Kanga anakapeza kali phee. Ndinagona kumeneko sabata imodzi.

Anandipatsa timapilisi toyera, tomwa kangapo pa tsiku ndisanadye. Sitichiza, timangothandiza uthenga kuchedwa pakhomo mpaka upeze polowera. Ndikamwa, pakapita theka la ola nsagwada zadzuka. Pakapita maola atatu kapena anayi kapilisi katha ntchito. Masiku oyamba tinandipotokola m'mimba ndi kundidzaza malovu m'kamwa, koma thupi linazolowera. Anati ndisamawonjezere ndekha ndikafooka, chifukwa tikachuluka timafooketsanso. Kwinini, kolorokwini uja ndinagula, ndi jekeseni zina, ndi adani anga, ndiye kulikonse kumene ndikukalandira mankhwala ndizionetsa kakhadi kamene anandilembera. Kutentha, chimfine, malungo ndi kudzithamangitsa zimaautsa matendawa.

"Koma ambuya," anatero, "mukaona kuti mpweya wachepa, olo malovu yakukangani kumeza, musayembekeze kuti kuche mailo. Mubwere pamene apo." Apa sanaseke.

Potuluka ndinawagwira aTembo pamkono. "Nkhani iyi yathera pano. Ngakhale Nelia asamve."

"Mng'ono wako weniweni?"

"Makamaka iyeyo. Nelia akamva m'mawa, masana msika wonse uli pakhomo kudzandipepesa ndi mabanzi."

Chifukwa chenicheni ndikuuzeni inu. Ine ndine mlangizi. Atsikana a m'Nangongwe muno amene ndawalowetsa m'banja ndi ambiri, ena ana awo akukwatiwa kale. Ntchitoyi munandisiyira ndinu. Ndikukumbuka tsiku loyamba limene munanditenga, munati, "Imirira bwino, usayang'ane pansi, mwana wa eni ake akuphunzira ngakhale mmene ukupumira." Mlangizi amene anthu ayamba kumumvera chisoni samuitananso. Amamupatsa mpando pakona ndi kapu ya munkoyo, ntchito n'kupatsa wina. Ine mpando umenewo sindinaufune.

Ndiye ndinakonza moyo wanga mwakachetechete. Kuchapa, kudimba, kumsika, zonse m'mawa. Masana ndimatseka chitseko n'kugona, anthu ndinawauza kuti ndikupemphera. Nyama ndimaiphika mpaka ifewe, nshima ndimadya kapilisi katagwira. Mapilisi akasowa kuchipatala, aTembo amakwera minibasi kukawafuna m'makemisiti a ku Lusaka, n'kuuza anthu kuti akukagula masipoko. Miyezi isanu ndi umodzi inatha choncho, ndinanenepanso, a kachasu aja anasowa chonena.

Kenaka kunabwera nkhani ya Misozi, mwana wotsiriza wa Nelia, uja munamusiya akuyamba sekondale. Wapeza mwamuna, dzina lake Chanda, woyendetsa minibasi, makolo ake amakhala ku Kafue Estates. Inde Amayi, Mbemba. Musagwedeze mutu. Mnyamatayo ndi waulemu, akandipeza panjira amaimitsa basi yodzaza kuti andipatse moni, okwera akutukwana.

Mwambo wawo uja wa chilanga mulilo munauona kamodzi, munati anthu awa akusamutsa khitchini. Akuchikazi amaphika zakudya zonse zimene mkamwini azidzadya pakhomo pawo, kuzimanga m'nsalu, n'kuzisenza pamutu ndi ng'oma mpaka kwa makolo a mwamuna. Kuno kutauni tonse tinautengera. Mmene timachitira ife, mphika woyamba, wa nkhuku, amasenza mlangizi. Sugunda pansi usanalowe m'nyumba, sapatsirana, ndipo mfundo ya nsalu yake mlangiziyo amamasula ndi mano, atagwada, manja ali kumbuyo.

Misozi anabwera yekha, anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga. "Amayi aakulu, mphika wanga musenze ndinu. Ambuya kulibe, ndiye ndinu."

Ndinati, "Ukuganiza kuti ndikanampatsa ndani?"

Atachoka, aTembo anaika sipanala pansi. "Enelesi, zinthu zimenezi zimachitika madzulo, ma 16 awazi. Iwe ma 16 awazi sungalume ngakhale nthochi. Uwauze anthu."

"Konzani njinga, aTembo. Za akazi zisiyeni."

Amene anabwera kudzapangana za tsiku ndi azakhali ake a Chanda, bana Mulenga, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe. Mukudziwa chimbuya cha ife a kummawa ndi Abemba, sitipatsana moni popanda kunyozana. Analowa akununkhiza m'mwamba, akunditchula kale kuti asebele, monga amaitanirana makolo a mbali ziwiri za ukwati.

"Asebele, mwabisa kuti mbeba? Nikuuzilenitu, mwana wathu sadya vamene ivo."

"Khalani pansi, bana Mulenga. Nyani tamusowa pamsika, mutikhululukire. Akuti munamaliza onse."

Tinaseka, tinamwa tiyi, Nelia ali pambali. Ndiye bana Mulenga anati, "Manje ni pa Chiwelu, ma 16 awazi, monga masiku yonse."

Amayi, apa m'pamene ndinakulakwirani. Ndinawongola msana n'kunena kuti, "Kwathu ku Katete chakudya cha mkamwini chimalowa pakhomo dzuwa lisanafike pamutu. Chikalowa mthunzi utatembenuka, banja limakhala laulesi. Amayi anga malemu anandilangiza choncho, ndipo sindingawaphwanyire mawu."

Nelia anatsegula pakamwa, ndinamuponda chala. Bana Mulenga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwambo ni wathu, manje malamulo yachokera ku Katete? Awe mwandi. Chabwino, teni awazi. Tizaona ngati a kummawa mumauka."

Atapita, Nelia anafunsa, "Asisi, amayi ananena liti zimenezi?"

"Unali mwana, sungakumbuke."

Loweruka lake linali la mu Okutobala, ndipo kutentha kwa Kafue mukukudziwa. Ndinadzuka ndi mphamvu. Ndinamwa kapilisi kanga pa nthawi yake, kena ndinakamanga pangodya ya chitenje kuti ndikamwe kumeneko mobisa. Zophika anaphika ena, ine ndinkangoloza ndi chala, poti ndi ufulu wa mlangizi. Chikanda, ndiwo zotendera, kapenta, nsomba za mumtsinje wathu, kalembula, impwa, munkoyo m'zigubu. Mfundo ya mphika wa nkhuku ndinamanga ndekha, ndi mphamvu za m'mawa, kawiri, kuti Abemba aone mmene timamasulira a kummawa. Titatsala pang'ono kunyamuka, Nelia anabwera ndi zitenje zofanana zimene tinagula tonse. Ndinavula changa, ndinavala chatsopano, ndinatuluka ndikuimba. Kapilisi kanatsala pa bedi, m'chitenje chakale.

Tinakwera kalole, mphika uli pamiyendo panga, n'kutsika pakona ya msewu wawo teni isanakwane. Ndinati ndawina. Koma geti linali lotseka. Amalume ake a Chanda, amene ayenera kukhala pambali pake polandira chakudya, anali asanafike kuchokera ku Lusaka. Iwo anauzidwa teni, koma poti chibadwireni sanaonepo chilanga mulilo cha m'mawa, anaganiza kuti wowauzayo walakwitsa.

Tinakhala pansi pa mtengo, ine mphika pamiyendo. Ng'oma zinalira, zinatopa, zinaliranso. Dzuwa linafika pamutu lija ndinalinenera, linapitirira. Ndinapapasa ngodya ya chitenje. Yosalala. Ndinapapasa ina. Yosalala. Nelia anali pomwepo, akudzipepesa mphepo ndi chivundikiro cha poto. Akanakwera minibasi, akanapita ku Nangongwe n'kubwerera ola lisanathe. Mawu anafika pakhosi, Amayi, ndinawabweza. Ndinati ndipirira, mfundo ndi kanthu kakang'ono.

Amalume anafika 14 awazi itadutsa, atavala suti ndi tayi, akupukuta thukuta ngati odikira anali iwo. Geti linatseguka. Akazi awiri anandithandiza kukweza mphika pa nkhata, poti pamenepo mwambo umalola. Kuchokera pamtengo kufika pakhomo ndi pafupi, koma khosi linali litayamba kale kunjenjemera. Nyimbo ndinaiyamba ndine, mzere wachiwiri ndinangoyendetsa milomo. Chikope chinatsika theka, maso anayamba kuona ziwiriziwiri. Zitseko ziwiri, ndi bana Mulenga awiri, pamene mmodzi yemwe ndi wokwana. Ndinatsinzina diso lakumanzere, chitseko chinabwerera kukhala chimodzi, ndinalowa. Mphika sunagwe. Chimenechi mundilembere.

Ndinagwada pamphasa, mphika patsogolo panga, Chanda ndi amalume ake pa mipando, nyumba yodzaza, ena akusuzumira pamawindo. Ndinaika manja kumbuyo, ndinaluma. Mano anakhudza nsalu, koma nsagwada sizinamve. Nsalu inapulumuka. Ndinalumanso, chimodzimodzi. Akazi akuimbabe, akuganiza kuti ndikuchedwetsa dala monga timachitira kuti akuchimuna atekeseke. Kachitatu mutu unagwera pa mphika, chipumi pa chivundikiro, ndipo unakana kudzuka. Ng'oma imodzi inaleka. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Zija tinkanena zija."

Kenaka mawondo olemera anagunda pamphasa pambali panga. Bana Mulenga anakweza mawu kuti onse amve.

"Onani a kummawa. Meno yanasila na mafupa ya mbeba. Lizani ng'oma imwe, niwathandize asebele anga, mwana wathu angafe na njala."

Nyumba yonse inaseka, ng'oma zinadzuka. Iye anatsitsa mutu wake pafupi ndi wanga, tsaya kutsaya, n'kunong'ona.

"Simunamwe, sembe namvera fungo. Mwadwala?"

Liwu limenelo linali lolemera kuposa mphika, ndipo linatulukira m'mphuno. "Ndadwala."

"Ikani chabe milomo pa nsalu. Kudonsa nizadonsa ine."

Anandichirikiza ndi phewa lake kuti mutu uime, analuma, anakoka, anatukwana pang'ono chifukwa cha mfundo yachiwiri ija, anakokanso. Nsalu inamasuka tonse awiri tili nayo pakamwa. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Anandidzutsa ngati tikuvina, n'kuuza anthu kuti asebele ali ndi malangizo achinsinsi oti amuuze. Kuchipinda anandikhazika pa bedi motsamira mapilo, anandiika nsalu yonyowa pakhosi. Ndinadziyesa monga anandiphunzitsira dokotala: mpweya unalipo wokwanira, malovu ankamezeka pang'onopang'ono. Ndinati andiitanire Nelia. Ndinamuuza zonse m'mawu ochepa, ndi pamene chitenje chakale chili. Anatuluka n'kuthamangira minibasi. Pobwera anali ndi chitenjecho m'manja, maso ofiira.

"Asisi, mwandiyesa wailesi ine?"

"Pang'ono."

"Miyezi yonseyi mukutseka chitseko, ine ndikuuza anthu kuti asisi akupemphera. Ndinayamba kuchita manyazi kuti ine sindipemphera ngati inu. Ndinawonjezera kusala kudya Lachitatu chifukwa cha inu."

Analira, ndiye anandimwetsa kapilisi ndi madzi a pa supuni. Patapita theka la ola diso linatseguka, lilime linabwerera m'malo mwake. Bana Mulenga analowa ndi mbale ya chikanda chofewa, anakhala pa bedi mpaka linalira.

"Manje uja mwambo wa ku Katete?"

"Unabadwira ku Nangongwe, pa mpando umene munakhalapo uja."

Anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anati, "Sembe munakamba chabe, asebele. Amalume sembe tinawatenga pa Chisanu, tawagoneka kuno, tawamangilira ku mpando. Ife tinaona monga ni matukutuku yanu chabe ya a kummawa."

ATembo nditawafotokozera anangoimba mluzu tsiku lonse akupopa matayala. Dokotala yekha ndiye anandikalipira ngati ndine mdzukulu wake, n'kundikonzeranso nthawi zomwera mankhwala pa masiku otentha.

Ukwati unachitika bwino. Misozi akukhala ku Estates, m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi ake, ndipo Chanda wayamba kale kamimba. Bana Mulenga amabwera Lolemba lililonse m'mawa, akuti akudzaona ngati ndayamba kudya zakudya za anthu.

Koma nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Mabanja awiri a kummawa apereka kale chakudya cha akamwini awo m'mawa, akuti ndi mwambo wa makolo. Ndipo mfundo akumasula alangizi awiri, wakuchikazi ndi wakuchimuna, tsaya kutsaya, akuti nazonso ndi za ku Katete. Lachinayi lapitali ndinaimirira pamaso pa amayi a mpingo. Ndinawauza za matenda anga, dzina lake, mmene amayambira, ndi kuti munthu wogwa zikope madzulo asamuthamangire ndi kolorokwini kapena kumunena za kachasu, apite naye kuchipatala. Ndinawauzanso kuti mwambo wa m'mawa ndinaupeka ndine, inu simunanenepo. Za matenda anamva bwino, wina mpaka anati mlamu wake ali ndi zofanana, amutengera ku Lusaka. Za mwambo anakana. Mayi wina wa ku Chadiza, wamkulu kuposa ine, anaimirira n'kunena kuti agogo ake ankachita zomwezo, ndisanyoze makolo chifukwa choti ndadwala. Onse anaomba m'manja. Ndiye dzina lanu likuyenda m'Nangongwe ndi mawu amene simunalankhule, ndipo ndalephera kuwabweza. Pepani.

Kundiitana sanaleke. Mwezi wamawa ndili ndi mtsikana wina wa kuseri kwa msika, makolo ake anabwera akudziwa zonse, ndipo anati akufuna ine ndemwe. Nelia adzayenda pambali panga ndi mapilisi m'kachikwama kake, wanena kuti zitenje zanga sazikhulupiriranso.

Ndikulonjezani kuti sindidzakuikaninso mawu m'kamwa. Ndipo tsiku limene ndidzadzuke n'kumva kuti nsagwada sizifika, ndidzanena ndekha, mokweza, ng'oma zisanayambe.

Ndine mwana wanu amene amakukondani,
Enelesi